Seti ya mivi yoyesera ija ndaigwiritsa ntchito miyezi iwiri, nazi zomwe ndaona

Ndiyambe ndikuulula kuti seti imeneyi, yomwe ntchito yake ndi kukuthandizani kupeza muvi woyenerana ndi uta wanu, ndinaigula nditakwiya, osati chifukwa choti ndinali nditaganiza bwino ayi. Uta wanga ndi longbow ya mtengo (uta wautali wachikale), yolembedwa mapaundi 45 pa mainchesi 28, kutanthauza mphamvu yomwe imafunika kuti mukoke nsinga mpaka mainchesi 28, ilibe choyang'anira ilibe batani lililonse, kashelefu kokhazikapo muvi basi, ndipo kwa pafupifupi chaka chathunthu ndakhala ndikuponya mivi dazeni yomwe ndinagula potsatira tchati cha ogulitsa, mivi yake ikumachoka pa uta ikugwedeza mchira ngati nsomba kenako nkukagwera kumanzere kwa pomwe ndayang'ana, nthawi zina nkumamveka kaphokoso koti thwa pa chogwirira. Ine ndimangoti vuto ndi manja angawa. Ndinasintha kaimidwe, ndinasintha golovesi, mpaka ndinayamba kumayang'ana dala kumanja kwa chandamale kuti muvi ukagwere pakati, chizolowezi choipa kwambiri chomwe chandivuta kuchisiya mpaka pano.

Nde seti yake ndi yotani. Mumabwera mashafti a kaboni 6, shafti ndiye kamtengo ka muvi, awiri awiri, a spine 400, 500 ndi 600, onse osadula, pafupifupi mainchesi 32. Pa awiri aliwonse umodzi ndi womata nthenga wina ndi wopanda kanthu. Mulinso kathumba ka nsonga zopotera zolemera mosiyana, 100, 125, 145, 175 ndi 200 grain, ziwiri ziwiri. Zonse ndi zimenezo, palibenso china, ngakhale kapepala kofotokoza kagwiritsidwe ntchito munalibe ndipo ichi ndi chidandaulo changa choyamba, munthu woyamba kumene atsegula bokosi nkungoona timitengo 6 ndi tizitsulo, ayambira pati?

Kwa amene manambalawa akukusokonezani, chifukwa nane anandisokoneza nthawi yaitali. Spine ndi kulimba kwa shafti, ndipo nambala yaikulu ndiye shafti yofewa, osati yolimba, mutu umakana kuvomereza koma ndi mmene zilili. Amayeza pokhazika shafti pa timichirikizo tiwiri totalikirana mainchesi 28 nkupachika pakati pake cholemera mapaundi 1.94, omwe ndi magalamu 880, nde mmene yapindikiramo ndiyo nambala yake, 500 ndiye kuti yatsika theka la inchi, 400 yatsika 0.4, 600 yatsika 0.6. Ine ndinayesa ndekha ndi misomali iwiri pa thabwa ndi botolo la madzi lomwe ndinaliyeza pa sikelo, ndi rula wamba, si muyeso woti mungakadzitame nawo pagulu koma zinaoneka ndithu, 400 inatsika ngati mamilimita 10 pomwe 600 inafika cha m'ma 15, nde zolemba pa mashaftiwo sizabodza. Mivi ya mtengo amayeza mwa njira ina, timichirikizo pa mainchesi 26 cholemera mapaundi 2, ndipo amagulitsa ndi manambala a mapaundi monga 45-50 kapena 50-55, uko nambala yaikulu ndiye yolimba. Musasakanize ziwirizi. Grain nayo ndi kamuyeso kakang'ono, ma grain 7000 ndiye paundi imodzi, galamu imodzi ndi ma grain 15 ndi kanthu pang'ono.

Chifukwa chomwe kulimbaku kuli nkhani yaikulu pa uta wachikale nchakuti muvi suchoka uli chiwongokere. Mukamasula nsinga ndi zala, nsingayo imatsetsereka pa zala nkupita cham'mbali pang'ono, kumbuyo kwa muvi kwakankhidwa mwamphamvu pomwe kutsogolo kolemerako sikunayambe kusuntha, nde shafti imapinda, kenako nkupindira mbali inayo, nkumapita ikupindapinda choncho ngati njoka. Ikapinda pa nthawi yake imazungulira chogwirira osachikhudza nkulunjika komwe mwayang'ana. Ikakhala yolimba kwambiri siizungulira mokwanira, ikafewetsa imapyoza muyeso. Izi ndi zomwe pa Chingelezi amati archer's paradox, dzina lomwe E. J. Rendtorff analigwiritsa ntchito mu 1913, ndipo uta ngati wangawu womwe shelefu yake sinasemedwe mpaka pakati umafuna muvi wopinda kwambiri kusiyana ndi recurve (uta womwe kumapeto kwake kumapindikira kutsogolo) yosemedwa kupyola pakati, ngakhale mapaundi atakhala ofanana ndendende. Tchati chomwe ndinatsatira chija sichinandifunse zimenezi. Sichinandifunsenso kuti ndimakoka mpaka pati, ndipo apa mpomwe ndinadzipusitsa ndekha, ndinkati uta wanga ndi wa 45 chifukwa ndi zomwe zalembedwa, pomwe ine ndimakoka mainchesi 27 okha ndipo inchi iliyonse yomwe simunafike imachotsa mapaundi awiri kapena atatu, nde pa zala zanga pamafika 42 kapena 43 basi.

Ndisanaponye ndi umodzi womwe ndinakonza kaye uta, ndipo ndikupemphani musalumphe apa chifukwa mukamasintha uta pakati pa kuyesa zonse zomwe mwapeza zimathera m'madzi. Mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira ndinauika pa mainchesi 7 popota nsinga mpaka uta unasiya kulira ndi kunjenjemera m'manja, tomata pa nsinga tochepetsa phokoso ndinaikiratu, pokolekera muvi ndinamanga ndi ulusi theka la inchi pamwamba pa shelefu, ulusi woti ndizitha kuusuntha poupota. Nsinga yanga ndi ya Dacron, yomwe imatamuka pang'ono, ndipo mukadzasintha nkuika ya makono yosatamuka ija muvi womwewo umaoneka ngati wafewa chifukwa ukukankhidwa mwamphamvu, nde yesani ndi nsinga yomwe muzidzaponyera. Komanso mauta akale omwe nsonga zake sizinalimbitsidwe musawaike nsinga yosatamuka, mungawang'ambe.

Kayesedwe kake ndi kophweka pokamba. Mumaponya wa nthenga ndi wopanda nthenga pa malo amodzi nkuona komwe wopanda nthengayo wagwera poyerekeza ndi mnzake, chifukwa nthenga zimabisa zolakwika, zimawongola muvi uli m'malere, pomwe wopanda nthenga alibe womuwongola amangoulula zonse. Kwa ife okoka ndi dzanja lamanja muvi uli kumanzere kwa uta, wopanda nthenga akagwera kumanzere ndiye kuti ndi wolimba, akagwera kumanja ndi wofewa. Okoka ndi lamanzere tembenuzani, chimodzimodzinso inu oponya ndi chala chachikulu omwe muvi mumauika mbali inayo ya uta. Akagwera pansi mchira uli m'mwamba ndiye kuti pokolekera pakwera kwambiri, ndipo za m'mwamba ndi pansizi muyambe mwazikonza musanayambe kulimbana ndi za kumanja ndi kumanzere.

Ndinayambira pa mamita 5 ndi nsonga za 125. Ya 500 yosadula inagwera kumanzere pang'ono, ndipo kumbukirani kuti dazeni yanga yakale ija inali 500 yomweyo koma yodulidwa pa mainchesi 28, yofupika choncho ndiye kuti yolimba kuposa apa, nde pompo ndinadziwa kuti chaka chonse chija ndinkadziimba mlandu pa zinthu zomwe theka lake silinali langa. Ya 600 yosadula inapita kumanja, yofewa, zomwe ndi zabwino chifukwa yofewa mutha kuilimbitsa poidula pomwe yolimba simungaiwonjezere utali.

Koma ya 400 ndi yomwe inandizunguza mutu masiku atatu ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Inkafika pa chandamale mchira utaloza kumanzere ngati yofewa, pena nkugwera kumanja ndithu, nde ine nkumati kodi zatheka bwanji kuti yolimba kuposa zonse izioneka yofewa pomwe 500 ikuoneka yolimba, mwina ogulitsa anasokoneza zolemba? Ndinabwereranso ku misomali yanga ija, ayi ndithu ndi 400. Chomwe chinkachitika nchakuti shaftiyo inali yolimba mopyola moti siinkazungulira chogwirira nkomwe, kumbuyo kwake kunkamenya uta nkunjanja, nde kunjanjako kumaupatsa maonekedwe a muvi wofewa. Ndinazitulukira nditapaka choko pa chikopa cha m'mbali mwa shelefu, nditaponya kamodzi chokocho chinapezeka chachoka ndipo chili pa shafti cha kumbuyo. Apa mpomwe setiyi inandipindulira zenizeni, chifukwa ndikanakhala ndi 400 yokhayo ndikanakhulupirira kuti ndi yofewa nkuyamba kuidula, kuilimbitsirabe, mpaka kuwononga dazeni ina. Kukhala ndi atatu pambali pambali kumakuuzani kuti wina akunama. Njira ina yomugwirira wabodzayo ndi kumuika nsonga yolemera, muvi wofewadi umaipiraipira mukauwonjezera kulemera kutsogolo, koma 400 yanga nditaiika 200 grain inayamba kuuluka bwinoko.

Nde ndinatsala ndi njira ziwiri ndipo zonse zinagwira. Ya 500 yosadula nkomwe yokhala ndi nsonga ya 200 inagwera pamodzi ndi mnzake wa nthenga mpaka pa mamita 15, muvi wolemera pafupifupi ma grain 500 pa sikelo yanga, uta uli zii osalira, m'manja mofewa bwino, koma ukangopyola mamita 20 umagwa msanga ndipo utali wakewo umatuluka kutsogolo kwa uta ngati mkondo. Njira inayo ndi 600, yomwe ndinaidula pang'onopang'ono, kota ya inchi nthawi iliyonse, kudula kuponya kudula kuponya, mpaka pa mainchesi 29 ndi theka ndi nsonga ya 145. Uwu unalemera ma grain 400 kuchotsapo pang'ono, kutanthauza ma grain 9 ndi theka pa paundi iliyonse mwa mapaundi 42 omwe ndimakoka aja, zomwe zili mkati mwa 8 mpaka 10 yomwe ambiri opanga mauta amtengo amalangiza. Musatsike kwambiri pansi pa pamenepo pofuna liwiro, muvi wopepukitsa umasiya mphamvu yambiri mu uta momwemo, zimayandikira kumasula nsinga popanda muvi ndipo uta wa mtengo sukhululuka zimenezo. Ine ndasankha 600 chifukwa ndimaponya pa chandamale mitunda yosiyanasiyana, wofuna muvi wolowa mwakuya akhoza kukonda winayo.

Ndinasiya kudula wopanda nthenga akadali wofewa pang'ono, kugwera kumanja ngati zala zitatu pa mamita 15, dala, chifukwa mukamata nthenga kumbuyo kumalemerako ndipo muvi umakhala ngati walimba pang'ono. Ena amakulunga tepi kumbuyo kwa wopanda nthengayo yolemera ngati nthenga kuti zifanane, nanenso ndinayesa, zimathandiza koma si zoti mungagone nazo tulo.

Tsopano zondinyansa. Timainsati tolowetsamo nsonga tija anatimata ndi guluu wosachoka, epoxy, pa seti yoyesera abale, chinthu choti munthu azidula! Akanamata ndi guluu wosungunula ndi moto bwenzi ukungotenthetsa nsonga pang'ono nkusolola. Nde ndinkadulira kumbuyo, kuzula noki (kakumbuyo kokolekera muvi pa nsinga), kudula, kubwezera, zomwe pa wopanda nthenga sizivuta koma pa wa nthenga sizitheka chifukwa nthenga zili pomwepo, mapeto ake ndinazisenda zonse nkumatanso zina nditamaliza. Kwa amene alibe chomatira nthenga apa wagwa nayo. Chachiwiri manoki ake anali othina kwambiri pa nsinga yanga, ndipo noki yothina imasokoneza zotsatira chifukwa muvi umachedwa kuchoka pa nsinga, kayesedwe kake kolekani muvi uloze pansi nkugogoda nsinga ndi chala, ukuyenera kugwa, anga ankangokakamira ngati nkhupakupa mpaka ndinasintha onse. Chachitatu ma 500 awiriwo anasiyana kulemera ndi ma grain 6 nditachotsera nthenga, si zambiri pa mamita 15 koma pa katundu yemwe ntchito yake ndi kuyeza ndimayembekezera zabwinoko. Nsonga zokha zinali bwino, zonse zinagwa mkati mwa grain imodzi kapena ziwiri pa zomwe zalembedwa, ndipo kathumba kameneka ndikagwiritsabe ntchito zaka zambiri. Ndikanakondanso mukanakhala 700 m'malo mwa 400, chifukwa ogula seti ngati iyi ambiri ndi oyamba kumene a mauta a mapaundi 30 mpaka 40 ndipo kwa iwowo 400 ndi chitsulo cha mpanda chabe.

Nthenga zomwe anamata ndi zenizeni za nkhukundembo, mainchesi 4, zonse za phiko limodzi monga zimayenera kukhalira, apa sindidandaula. Ndikutchula chifukwa ndinaonapo seti ina yobwera ndi zapulasitiki, zomwe pa uta woponyera pa shelefu zimamenya nkudumphitsa muvi, nthenga yeniyeni imagona ikakhudza shelefu nkudzukanso.

Za kudula kaboni, musatenge sowo ya zitsulo ya mano akuluakulu kapena kodulira mapaipi kaja, zimaphwanya ulusi wake nkusiya ming'alu yosaoneka. Pamafunika kadisiki kopyapyala kozungulira mothamanga, mukuzungulitsa shafti pang'onopang'ono, ndipo fumbi lake musapume, valani chotseka pamphuno. Mukatero palani kumapeto kukhale kowongoka bwino noki isapendame. Ndipo muvi wopanda nthenga ukamenya chandamale chopendama kapena ukagunda cholimba, upindeni pafupi ndi khutu mukuuzunguza, mukamva kuti tsetse kapena kulira kulikonse utayeni, kaboni yosweka imathyokera pa dzanja logwira uta ndipo zithunzi zake sindikufuna kuzikumbuka. Ya 400 yanga yopanda nthenga inathera pomwepo tsiku lachitatu, mwamwayi inali yomwe sindinkaifuna. Chinanso osayerekeza kuponya muvi wopanda nthenga uli ndi nsonga yamapiko yosakira nyama ija, mapikowo amauwongolera komwe afuna okha.

Pali chinthu chimodzi chomwe ogulitsa sangakuuzeni chifukwa chingawachepetsere malonda. Seti iyi imayeza inu pamodzi ndi uta. Tsiku lomwe ndatopa, kukoka kosafika pakamwa, zala zikukoka nsinga cham'mbali pomasula, 600 yomweyo yomwe dzulo inali ndendende imaoneka yolimba, mawa lake ndili ndi mphamvu ndakoka mopyola pang'ono yaoneka yofewa. Sabata yoyamba ndinkasintha nsonga pakangotha mivi itatu iliyonse ngati wamisala, kuthamangitsa chinthu chomwe chinali m'zala zanga. Chomwe chinandithandiza ndi kope, kuponya kakhumi, kulemba komwe wopanda nthenga wagwera nthawi iliyonse, kufufuta zomwe ndikudziwa ndekha kuti ndamasula moipa, ndipo osadula kanthu mpaka masiku awiri osiyana anene zofanana. Nde ngati mivi yanu ya nthenga simungathe kuiunjika malo aakulu ngati mbale pa mamita 10, musagule kaye, wopanda nthenga adzangokuuzani nkhani zosiyana tsiku lililonse mpaka mudzada masewerawa. Tengani mivi yofewerapo yosadula ya nthenga zazikulu muziponya miyezi ingapo kaye.

Wina andifunsa ngati zomwe wapeza pa kaboni angazisamutsire pa mivi ya mtengo, poti ambiri a mauta achikale mtima wawo uli pa mkungudza wa Port Orford kapena Sitka spruce kapena nsungwi. Pang'ono chabe. Zimakupatsani poyambira, koma shafti ya mtengo ndi yonenepa, 11/32 ya inchi poyerekeza ndi 5/16 ya makaboni awa, nde imakhala patali pang'ono ndi pakati pa uta ndipo imabwerera mochedwerapo ikapinda, komanso kulimba kwake kumasintha malinga ndi mmene mwaikira mizere ya mtengowo pa uta. Ya mtengo imafuna seti yakeyake, ndipo poiyesa yopanda nthenga muyambire pafupi kwambiri chifukwa ikafika chopingasa imathyoka. Aluminiyamu ndiye savuta, manambala ake ngati 1916 kapena 2016 amanena kunenepa kwa shafti ndi kuchindikala kwa khoma lake, ndipo amadulika ndi kodulira mapaipi komwe ndakuletsani pa kaboni kaja.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha epoxy ndi manoki ndi kusowa kwa kapepala. Ndaitanitsa dazeni ya 600 yosadula yopanda nthenga kuti ndidule ndekha pa 29 ndi theka, ndipo dazeni yakale ya 500 yofupika ija ndaiyesa ndi nsonga za 200, ikugwerabe kumanzere ngati chikhatho chimodzi pa mamita 15, nde mwina ndiyesa kuika mainsati olemera a buraasi ndione ngati ingapulumuke, apo ayi ndipatsa mnzanga wa recurve ya mapaundi 50. Chovuta chomwe chatsala ndi diso langali, lomwe likumathawirabe kumanja kwa chandamale monga ndinaliphunzitsira chaka chatha, nde pano mivi ikumapita ndendende komwe ndayang'ana ine nkumaphonyera kumanja.